Mutu Umodzi pa Tsiku

1 Disembala, Lachisanu

Sabata yachisanu ndi chimodzi m'chipatala. Chipinda 9. Thyra, mwana wanga, makilo 26. Sabata yatha anali 27.

Ndagula kandulo ya Disembala monga chaka chilichonse, yofiira, ya manambala 1 mpaka 24, yoyatsa kuti ipse nambala imodzi pa tsiku. Gunvor, namwino wamkulu wa wodi yathu, waiona ndisanavule n'komwe jekete. Akuti moto ndi paipi ya mpweya sizikhalira chipinda chimodzi. Ndamuuza kuti ndikudziwa, udokotala ndinauphunzira zaka zitatu. Iye: "Ndiye mukudziwanso kuti sindikunama." Kandulo ili pawindo, yosayatsa. Thyra wakwiya. Ine chamumtima ndakondwa. Isapse. Ikhale pa 1 pomwepo.

Esben wabweretsa buku. Bambo wa mwana, mwamuna wanga wakale, munthu wosasunga m'mutu dzina la mankhwala ngakhale limodzi, wakumbukira katoni ya mabuku anga akale m'chipinda chapansi. Mudzi Wopanda Manda. Mitu 24, umodzi pa tsiku mpaka Khirisimasi. Langa lenileni, chikuto chomata ndi selotepi. Amayi anandiwerengera ndili ndi zaka khumi. Thyra ali ndi khumi ndi chimodzi ndipo sanalimvepo, chifukwa ndinalibisa dala.

Pakhonde ndamufunsa Esben ngati mutu wake ukugwira. Mwana wa khansa ya m'mafupa, buku limeneli? Akuti, "Ine ndimangokumbukira kuti muli bwato." Ndi wotero. Amakumbukira bwato.

Mutu woyamba ndawerenga. Ndikanatani, mwana atalikumbatira kale.

2 Disembala, Loweruka

Ndiilembe pano nkhaniyi, mwina ichepa mphamvu.

Mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Nkhalamba ya bwato imabwera kudzatenga amene nthawi yawo yakwana. Chaka china anthu aiba nkhafi zake n'kuzikwirira. Kuyambira pamenepo palibe wakufa. Palibenso wokula, palibe wochira. Maapozi ali mumtengo osapsa. Edel ndi mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri kwa zaka zana. Mlongo wake Aksel, wa zaka zisanu ndi zitatu, akutsokomola zaka zana. Kumapeto Edel afukula nkhafi n'kuzibweza. Amene ayamba kukwera bwatolo ndikumudziwa. Sindimulemba.

Mayi amene analemba zimenezi anapatsidwa mphoto. Aphunzitsi amalira nalo m'makalasi chaka ndi chaka. Kaya anakhalapo pampando wapulasitiki ngati uwu.

Chondipulumutsa: maso a Thyra amatopa ndi mankhwala, zilembo zing'onozing'ono zimamuvinira. Wowerenga ndine. Ndipo lamulo akuligwira kuposa m'busa, mutu umodzi pa tsiku, osadumpha, osasuzumira kutsogolo. "Wosuzumira amamera njerewere pamphuno." Anazimva kwa amayi anga asanamwalire.

Masiku 22 oti ndipeze chochita.

4 Disembala, Lolemba

Kachipinda ka mipando yofewa. Pathebulo bokosi la timapepala topukutira misozi, lotsegula kale. Ukangoliona, nkhani waimva.

Dokotala Munk. Torben Munk, amene ku yunivesite ankakopera zolemba zanga ndipo anakomoka tsiku loyamba kuona mtembo. Ine sindinakomoke. Ine ndinatenga mimba, ndinasiya, lero ndimagulitsa magalasi a maso m'sitolo ya munthu wina. Iye ali ndi dzina pachitseko.

Zithunzi za m'mapapo. Madontho anali anayi, tsopano sawerengeka. "Solvej, mankhwalawa asiya kugwira. Tikukamba za masabata." Akuti tingapite naye kunyumba, anamwino azibwera, ululu auletsa.

Ndamufunsa mafunso asanu ndi awiri m'mawu awo omwewo a Chilatini. Wayankha onse. Ndinkafuna alakwitse limodzi lokha.

Esben walira mokweza, mamina ndi zonse. Ndamupatsa bokosi lonse, ndati maliza, talipira kale msonkho.

Ndalembera chipatala china ku Germany kumene akuyesa mankhwala atsopano. Thyra ndamuuza kuti zithunzi zili bwinoko. Mutu 4.

6 Disembala, Lachitatu

Mdima pofika hafu 3. Mvula yopingasa. Wadya masipuni atatu a phala la mpunga, batala wakankhira pambali, sinamoni wanyambita.

Bukuli lamugwira. Akufunsa za Aksel basi. Bwanji osachira? Ndati dikira, nkhani idakali kutali.

Ndiye wati, "Kutsokomola zaka zana? Ine nkhafizo bwenzi nditazifukula ndi mano."

Ndaseka naye. Ndapita kubafa, ndatsegula mpopi, ndaluma thaulo.

Ku Germany zii.

8 Disembala, Lachisanu

Ndayamba.

Mutu 8 ndi pamene Edel akumana ndi nkhalamba ya bwato koyamba. M'buku ndi munthu wofatsa, wakhala pamwala akusoka ukonde, amugawira mtsikanayo buledi. Ine ndamupatsa mano aatali ndi zikhadabo. Ndamusandutsa mbala ya ana. Mawu amangotuluka okha, maso ali patsamba, pakamwa pakunena zina.

Thyra: "Amayi, tsamba limeneli ndi lalitali bwanji?" Ndinaiwala kutembenuza. Ndiyenera kumawerengera, mizere makumi atatu, tsamba.

Manyazi ndilibe. Munk ali ndi mankhwala ake, ine ndili ndi anga.

10 Disembala, Lamulungu

Mkazi watsopano wa Esben watumiza mabisiketi ooneka ngati mitima. Ndawapereka kuchipinda 11. Kumeneko amadya chilichonse.

Nkhani yanga ikuyenda. Ndalowetsamo dokotala wamkazi wochokera kum'mwera, wa chikwama chachikopa, amene akufunafuna mankhwala a Aksel. Ndimakonzekera m'kantini pakapepala, kuti mawa ndisasemphane ndi za lero. Pofika 24 nkhafi zitenthedwa, Aksel achira, maapozi apsa. Ndani angandiletse?

Thyra samukonda dokotala wangayo. Akuti amalankhula kwambiri. "Ali ngati inu mukamakangana ndi a Munk."

Usana wonse paipi ya mpweya sinachoke pamphuno. Makilo 25.

11 Disembala, Lolemba

A ku Germany ayimba! Mawa 11 koloko ndikafike ndi zithunzi zonse. Maola asanu pagalimoto. Ndikagona komweko.

Esben akhala ndi mwana. Ndamuuza kuti za kuwerenga azisiye, tidzawerenga mitu iwiri Lachitatu. Posamukhulupirira, buku ndaliika m'chikwama changa, pansi pa mafayilo. Nzeru zanga zimenezo.

12 Disembala, Lachiwiri

Avomera.

Dokotala wamng'ono, wa tsitsi lometa, sanamwetulire ngakhale kamodzi. Ndamukonda. Ayamba pa 19. Masabata asanu ndi limodzi m'chipinda chotsekedwa, chagalasi, wolowa mmodzi yekha atavala zophimba thupi lonse. Malungo, zilonda m'kamwa, kusanza. Mwa ana makumi awiri, mmodzi amapeza miyezi ina. Ndafunsa, kuchira? Wati, "Sindinanene kuchira."

Mmodzi mwa makumi awiri ndi munthu. Ali ndi dzina, ali ndi mayi wake. Bwanji asakhale wanga?

Pepala likufuna masiginecha awiri, yanga ndi ya Esben. Yanga ndasaina pomwepo, cholembera chinachita kuboola.

Ndadya soseji ndili chiimire pamalo omwetsera mafuta. Yokoma. Kanthawi sindinamve kukoma kwa chinthu.

13 Disembala, Lachitatu

Chitsiru. Chitsiru cha zaka zitatu za ku yunivesite.

Ndinanyamula buku langa ngati kuti m'dziko muno lilipo limodzi. Pashelefu ya wodi alipo atatu. M'nyumba iliyonse lilimo. Gunvor akuti theka lake amalidziwa pamtima.

Dzulo Thyra analira kuti tsiku silingadutse opanda mutu wake, lamulo ndi lamulo. Esben, mtima wa phala, anaitana Gunvor. Gunvor anatenga la pashelefu n'kuwerenga mutu 12 mmene ulili. Mwana anafunsa kuti dokotala wa chikwama uja ali kuti. Nanga mano a nkhalamba? Kenako anapempha kuti abwerere pa 8. Anawerenga mitu isanu, mpaka madzulo.

Thyra ndamupeza atayang'ana kukhoma.

Gunvor ndamutsatira mpaka kochapira. Zimene ndanena sindizilemba, zina zinali za kunenepa kwake. Wandisiya ndimalize, akupinda mapilo. Ndiye: "Wodwala wanga akandifunsa, sindimunamiza. Ndamuuza za buku zokha. Zinazo ndi zanu, mayi, ndipo nthawi yake ikutha."

Lero ndi Lucia, chikondwerero cha kuwala. Atsikana a sukulu ina adutsa m'makonde atavala zoyera, makandulo a mabatire m'manja, akuyimba. Magetsi anazimitsa, zitseko zonse zotsegula. Chaka chatha Thyra anali pamzere wotere, wachitatu kuchokera kutsogolo, akuponda mkanjo wa mnzake dala. Lero sanatembenuke.

Nyimbo itapita kutali walankhula, nkhope ili kukhoma: "Ngati mumasintha za m'buku, za a Munk mumasinthanso?"

Ndati ndikatunge madzi. Jagi inali yodzaza.

14 Disembala, Lachinayi

Sakundilankhula. Supuni akulandira kwa bambo ake okha. Wapempha Gunvor amuwerengere 13 ndi 14, Gunvor wakana, akuti imeneyo ndi ntchito ya amayi ako. Mkazi ameneyu akundiphika dala.

Esben wakana kusaina. Koyamba m'moyo wake kukana chinthu, wasankha lero. Akuti mwana afunsidwe kaye. Tinali poimika magalimoto, mphepo ikutilanda mawu. Ndati mwana wa zaka khumi ndi chimodzi safunsidwa ngati akufuna kukhala ndi moyo, amagwidwa dzanja. Ndamutcha wamantha. Ndati ukufuna zithe msanga ukayambe bwino ndi wa mabisiketi uja.

Sanakalipe. Wati, "Solvej, sukulimbana ndi khansa tsopano. Ukulimbana ndi Munk."

Ndikanakhala ndi mwala.

Masiku asanu kuti 19 ikwane. Ndayesa siginecha yake kuseri kwa lisiti. Imafanana ndithu. Ndaing'amba. Ndayesanso pa ina.

15 Disembala, Lachisanu

Ndamuuza.

Sindinakonzekere. Ndimamudzoza Thyra mafuta kumapazi, mapazi ozizira ngati nsomba, ndiye ndangoyamba. Zithunzi sizinali bwinoko. Mankhwala asiya. Munk akuti masabata. Ndanena ndi mawu wamba, Chilatini chonse chinandithawa.

Kenako: "Ndimadziwa. Munasiya kundikakamiza masamu."

Ndiye ndatulutsa Germany ngati mphatso. Wamvetsera bwinobwino. Wafunsa ngati Bamse angalowe, galu wathu. Ayi. Bambo ndi inu nonse pamodzi? Ayi. Windo limatseguka? Ayi. Nambala ndamuuza yoona, poti zabodza zandithera.

"Mmodzi mwa makumi awiri? M'kalasi mwathu tilimo 22, ndipo ine pa maere sindinapatepo ngakhale pensulo."

Ndagwada. Ine, Solvej, amene sindinagwadirepo munthu kapena Mulungu, pansi pa chipatala ponunkha mankhwala okolopera. Ndati chonde, yesa, chifukwa cha ine. Mawu onyansa kuuza mwana. Ndawanena kawiri.

Wandigwira tsitsi. "Amayi, ndatopa. Ndikufuna kwathu."

Ndatenga buku. 13, 14, 15, liwu ndi liwu, iye akuyang'anitsitsa pakamwa panga ngati wapolisi. Nditamaliza wati kuyambira mawa tiziwerenga iwiri pa tsiku. Ndati nanga lamulo? "Njerewere zimere. Ndikufuna ndimve mathero."

Akuwerengera masiku kuposa ine.

18 Disembala, Lolemba

Kunyumba. Ambulansi yopanda sairini. Bedi la chipatala pabalaza, poti masitepe sangawathe. Bamse wanunkhiza mawilo onse, kenako wakwera n'kugona pamapazi pake ngati analamulidwa ndi dokotala.

Potuluka Gunvor anandipatsa thumba la mankhwala ndi nambala yake yakunyumba. Ndinafuna kupepesa za kochapira zija. Chimene chinatuluka: "Mapilo anu ndi olimba." Wati, "Ndi a anthu ouma mutu."

Kandulo. Thyra sanaiiwale. Esben waiyatsa kukhitchini, kutali ndi mpweya, chitseko chotsegula kuti aziiona ali pabedi. Kuti ifike pa tsiku la lero inayenera kupsa manambala khumi ndi asanu ndi atatu ulendo umodzi. Iwo awiri amawerenga mokweza nambala ikasungunuka, akuseka. Faifi! Sikisi! Ine ndimasenda mbatata nditafulatira. Ndasenda thumba lonse. Adye ndani?

Mutu 20 wokha. Anagona pakati, ndinabwereza.

Ku Germany sindinawayankhebe. Malo akadali athu mpaka mawa masana.

19 Disembala, Lachiwiri

M'mawa ndinapita kukathira mafuta, thanki yodzaza. Ndinaika bulangete kumpando wakumbuyo, ndi pilo. Pepala lili m'chikwama, mzere wa Esben wopanda kanthu, cholembera ndili nacho. Ndinakhala m'galimoto pakhomo, injini ikulira, mphindi makumi anayi. Maola asanu okha. Botolo la mpweya laling'ono limatha maola atatu. Ndinawerengera kumene ndingapeze lina panjira. Ndinawerengera ndithu.

Pawindo la pabalaza ndimaona mutu wake ndi wa galu. Amamuveka Bamse chipewa chake chaubweya.

Ndinazimitsa injini. Ndinalemba mizere iwiri: zikomo, sitibwera, malowo mupatse wina. Mwana wa wina ameneyo ndamuda kale, ndi mayi wake yemwe.

Palibe mtendere uliwonse. Amene amati ukavomereza mtima umapepuka ndi abodza, kapena anavomereza za galimoto yakale. Ine ndikumva ngati ndasaina ndi dzanja langa.

Nditalowa Thyra wati, "Munapita kuti osachoka?" Ndati ndimatenthetsa injini. Wandiyang'ana. Ndati chabwino, ndimafuna kukuba. "Ndinaona bulangete," akutero. "Mbala yoiwala nsapato zanga."

21 ndi 22. Edel wapeza pamene anakwirira nkhafi.

20 Disembala, Lachitatu

Ululu m'chiuno kuyambira m'mawa. Namwino woyendera wakweza mankhwala. Ndinayang'ana muyezo, ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, unali wolondola.

Tulo tambiri. Madzi a maapozi, masipuni awiri. Mutu 23 m'zigawo zitatu.

Esben akugona pampando wautali, miyendo ili lende. Wakonza chitseko cha bafa chimene chinawonongeka tisanasiyane. Zaka zinayi.

Mawa 24. Ndaganiza zonena kuti mawu andithera. Ndaganiza zoti awerenge Esben. Thyra, maso ali chitsekere: "Mawa ndinu. Ndipo ndikhala ndikuyang'ana."

21 Disembala, Lachinayi

Kunja kwayera, chisanu chagwira udzu, mphepo kulibe. Anadzuka ali bwinoko, wapempha buledi wakuda wopaka batala, waluma kawiri.

Ndawerenga 11 koloko m'mawa, dzuwa lili pabedi.

Edel abweza nkhafi. Nkhalamba ikankhira bwato m'madzi, siitana munthu, ingodikira. Mudzi wonse uli m'nyumba, zitseko zotseka. Ndiye chitseko chimodzi chitseguka. Mayi wa Aksel, yemwe ndi amene anatsogolera kuba nkhafi zaka zana zapitazo, atuluka atanyamula mwana wake. Amuna afuna kumulandira, iye akana. Ayenda yekha msewu wonse mpaka kunyanja, alowa m'madzi mpaka m'mawondo, amugoneka m'bwato, amukonzera kolala. Aksel apuma kamodzi mpweya wonse osatsokomola, ndi kunena kuti kunja kukununkhira mchere.

Ndili ndi zaka khumi ndinaliponya kukhoma bukuli pamenepa. Lero ndawerenga mpaka kadontho komaliza. Liwu silinasinthe ngakhale limodzi. Mawu anga anali ngati a munthu wolengeza za sitima, koma ndafika.

Esben kukhitchini akudziyesa wotsuka mbale.

Kenako Thyra: "Wolembayu sananyamulepo mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Msewu wonse? Akanamugwetsa."

Ndati mwina.

"Inu mungandithe?"

Ndati usayambe zimenezo.

"Amayi, ndikungofuna kuona nyanja. Pakhomo pokha. Tayesani."

Esben anabwera, manja ali ndi thovu, kuti amunyamule iye. Thyra wati ayi, bambo agwire botolo la mpweya.

Ndamukulunga m'bulangete. Dzanja lina pansi pa mawondo, lina kumsana, mmene anatiphunzitsira chaka choyamba ku yunivesite. Mutu wake pakhosi panga, wofunda, wonunkhira sopo wa ana. Pabalaza, pakhonde, Esben pambuyo ndi botolo, galu akutipingapinga. Panjira yonse ndimakonza mawu oti ndimuuze: ndiwe wolemera, sindingathe, palibe mayi angathe, buku lija ndi labodza.

Chitseko. Mpweya wozizira. Kumunsi kwa minda nyanja ili phee, yotuwa.

Wayang'ana nthawi yaitali. Ndiye wati, m'khutu mwanga, "Mwaona? Mwanditha."

Ndinali nditamutha. Manja sananjenjemere n'komwe.